Kodi timasukulu ta mkaka ta m'komboni amatiyang'anira ndani?

Imelo imeneyi inafika Lachiwiri usiku, ndipo ndinaiwerenga kanayi ndisanayambe kuyankha. Yachokera kwa mayi wina wa ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka. Mwana wawo wa zaka 4 amapita ku kasukulu ka mkaka kamene kali m'nyumba ya munthu. Chimbudzi n'chimodzi, cha dzenje, chadzaza, ndipo chitsime chimene amatungapo madzi otsukira makapu a ana chili chapafupi pomwepo. Atadandaula kwa mwini sukulu, anawayankha kuti ngati sakufuna achotse mwana wawo. Atapita kwa a khansala anangouzidwa kuti tidzaona. Ndiye akufunsa kuti timasukulu totere amatiyang'anira ndani, ndipo kodi angokhala chete poopa kuti mwana wawo angayambe kudedwa?

Mayi mnzanga, musakhale chete. Ndayambira pamenepo dala, chifukwa nkhani yanuyi yandikhudza pachilonda ndipo ndikudziwa kuti ndilankhula zambiri.

M'chaka cha 2017 ndinkakhala ku Chawama, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ndipo ndinkagulitsa salaula. Tsiku lotsegula belo ndinkadzuka kusanache, chifukwa ukachedwa anzako amasankha zabwino zonse, iwe n'kutsala ndi zong'ambika m'khwapa. Mwana wanga wachiwiri anali ndi zaka 3. Agogo ake ali ku Katete, bambo ake anali pa ntchito yaulonda, ndiye ndikanamusiyira ndani? Kuseri kwa nyumba yathu kunali kasukulu, khoma lake atalijambula njovu ndi zilembo. Mtengo wake ndinkaukwanitsa. Mwini wake anali mayi wamkulu wa kutchalitchi kwathu, amene tinkavala nawo yunifomu imodzi Lachinayi. Ndinati Mulungu wandiyankha.

Tsiku lina ndinaweruka msanga chifukwa cha mvula, n'kupita kukamutenga ndekha. Ndinapeza ana ali pamzere, onse akusamba m'manja m'beseni limodzi la pulasitiki, madzi ake atada ngati otsukira mbatata, kenako akupukutira kansalu kamodzi kopachika pamsomali. Mphunzitsi anali kamtsikana kongomaliza kumene giredi 12, kali kokha ndi chipinda chodzaza ana, wina ali kumsana. Mwana wanga anati akufuna kukodza, ndiye ndinamuperekeza. Chitseko cha chimbudzi chinali thumba la ufa lokhomera pamtengo. Dzenje linali litadzaza mpaka kukamwa, mphutsi zikuyenda pasimenti, ndipo madzi a mvula ankadutsa pomwepo n'kumatsikira kumene ana ankasewera osavala nsapato.

Ndinaona ndi maso angawa. Sindinganene kuti sindinkadziwa.

Lamlungu titaweruka ndinawatengera pambali amayi aja, ndinagwada ndithu, n'kunena mwaulemu kuti amayi, chimbudzi chija chikufunika kupopa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Inu amake mwana, kodi kwanu kuli chimbudzi chamadzi?" Manyazi anandigwira, chifukwa zoona kwathu tinkagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi mabanja asanu. Ndinapepesa. Tangoganizani, ine ndi amene ndinapepesa. Ndinabwerera kunyumba ndikudziuza kuti wosauka sasankha, ndipo Lolemba ndinamuperekanso mwana.

Kolera inali itayamba kale mu Lusaka mu Okutobala chaka chimenecho. Tinkamva pa wailesi ngati nkhani ya ena. Usiku wina mu Novembala mwana anayamba kutsegula m'mimba, zotuluka zake zoyera ngati madzi otsukira mpunga. Pofika pakati pausiku maso anali atalowa m'kati, kulira osatulutsa misozi, khungu la pamimba ukalitsina osabwerera. Ndinamubereka ndi chitenje n'kuthamanga m'matope kufunafuna galimoto, ndikumumva akupepuka kumsana kwanga. Anamwino anamuika diripi, ndipo ndidzawathokoza mpaka kufa, chifukwa patatha masiku atatu anapempha phala. Lero ndi mnyamata wamtali woti nsima ya mbale imodzi siimukwana. Koma m'chipinda chomwecho ndinapezamo mayi wina amene mwana wake ankaphunzira limodzi ndi wanga. Titayang'anana, iye anati, "Inunso munachiona chimbudzi chija?" Tonse tinali titachiona. Tonse tinakhala chete, aliyense payekha, aliyense akuopa kuoneka wovuta.

Zimene zinatsatira mukuzikumbukira. Mu Januwale 2018 asilikali analowa m'tauni kuyeretsa misewu, ogulitsa m'mbali mwa msewu anachotsedwa, ku Kanyama kwanuko anakuikirani nthawi yolowera m'nyumba, masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala. Tinati taphunzira. Koma mu Okutobala 2023 inabweranso, yoopsa kuposa ija. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale, bwalo lomwe lija linadzazanso mabedi, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 700 anamwalira. Ndiye munthu akandiuza kuti nkhani ya chimbudzi cha ana ndi yaing'ono, mtima wanga umawira. Makamaka ku Kanyama, kumene pansi pake pali mwala wa laimu wokhala ndi mabowo ndi ming'alu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Zimene zalowa m'dzenje la chimbudzi sizisefedwa ndi dothi ngati kumudzi kwathu. Zimadutsa m'ming'alu n'kukatulukira m'chitsime cha oyandikana nawo. N'chifukwa chake nthawi ya mliri aboma amakwirira zitsime zosazama. Chitsime mwachitchulacho, madzi ake angaoneke oyera bwanji, ine sindingamwetse mwana wanga.

Mwana atachira ndinayamba kuyenda m'maofesi, ndili ndi mkwiyo koma wopanda pepala lililonse m'manja. Maofesi ake sindiwatchula. Koyamba anati si nkhani yawo. Kwachiwiri anati abwana apita kumsonkhano, mubwere mawa. Mawa lake anati galimoto ilibe mafuta. Masiku anayi osatsegula malonda, ndalama ya basi ikungotha. Tsiku lachinayi mayi wina wachikulire wa pa desiki, ataona kuti ndatsala pang'ono kulira, anandikodola n'kundinong'oneza kuti, "Mwana wanga, mawu apakamwa salowa m'faelo. Pita ukalembe, ndipo usalembe wekha." Mawu amenewo ndi amene anasintha zonse. Tinasonkhana makolo 11 pakhonde panga, mtsikana wa oyandikana nawo anatilembera, aliyense anasaina, ena anadinda chala. Pasanathe milungu itatu oyendera zaumoyo anafika, anapereka masiku oti dzenje lipopedwe ndi kuti pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo. Sukulu sinatsekedwe. Amayi aja anasiya kundipatsa moni kwa chaka chathunthu, ndipo zinandipweteka, sindinama. Koma ndikayerekeza ndi usiku uja, moni ndi chiyani?

Apa ndinene zimene zili kumtima kwanga, ena akwiye akwiye. Ife makolo a m'komboni tinaphunzitsidwa kuti kudandaula ndi mwano. Timapita kwa a khansala ngati tikukapempha mchere, chipewa m'manja, kuyamba ndi pepani kasanu. Pamene munthuyo tinamusankha ife, titaima pamzere padzuwa. Ntchito yake si kubwera ndi thumba la ufa ndi matenti pamaliro ayi. Pamaliro a mwana womwalira ndi kolera ufa umenewo ndi wowawa. Ntchito yake ndi kutenga nkhani ya wodi yake n'kukaiika pamaso pa khonsolo, ilembedwe, ndipo abwere adzatiuze chimene chagwirizanidwa. Mawu akuti tidzaona sindiwalandiranso. Tidzaona liti? Tidzaona ndi ndani? Mwana wa zaka 4 savota, salemba kalata, sadziwa kumene kuli Civic Centre, likulu la khonsolo. Mlomo wake ndi inu.

Ndipo si zimbudzi zokha. Yendani madzulo muone mabala amene ali khoma limodzi ndi sukulu, nyimbo zili pamwamba ana ali m'kalasi. Ziphaso zogulitsira mowa zimachokera ku khonsolo, ndipo lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosafika zaka 18. Tujilijili, timapaketi tija ta mowa waukali, tinaletsedwa mu 2012, koma timabotolo totchipa tinalowa m'malo mwake, ndipo ndaonapo mnyamata wa yunifomu akutibisa m'chikwama cha mabuku. Nanga mabwalo osewerera ana aja anapita kuti? Amene tinabwera kale mu mzinda uno tikukumbukira malo amene ana ankamenyerapo mpira, lero pali mipanda ndi mashopu, ana akusewera m'ngalande. Mvula ikagwa ngalande zomwezo zimawatenga. Zonsezi ndi nkhani za ana, ngakhale palibe chitseko cholembedwa kuti ana.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti malamulo alipo, ndipo ndi abwino. Mu 2022 dziko lino linakhazikitsa lamulo la ana lotchedwa Children's Code Act, limene linasonkhanitsa pamodzi malamulo okhudza ana ndipo linaletsa kulanga mwana pomumenya. Lamulo la maboma aang'ono la 2019 linakhazikitsa komiti ya chitukuko m'wodi iliyonse, ija timangoti WDC, kuti anthu wamba akhale ndi polankhulira. Ndalama za CDF, zimene boma limapereka zotukulira madera a aphungu, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo mu 2024 zinali K30.6 miliyoni. Mapempho a ntchito za ndalamazi amayambira ku WDC komweko. Ndiye ndikufunseni, amayi anzanga, ndi angati mwa ife amene tinakhalapo pa msonkhano wa zoni, kachigawo ka wodi yathu, n'kunena kuti tikufuna mpopi wa madzi abwino pafupi ndi pamene ana amasonkhana? Amene amapita ndi amene amamveka. Ife timakhala pamsika, n'zoona, mimba siidikira. Koma pa amayi khumi a chilimba chimodzi, mmodzi sangapite, anzake n'kumuyang'anira tebulo?

Ndisaiwale mbali ina, chifukwa ndikapanda kuinena ndikhala wosalungama. Timasukulu timeneti tilipo chifukwa tikufunika. Boma linayamba maphunziro aulere mu Januwale 2022, kuyambira ku makalasi a ana aang'ono, koma malo sakwana ana onse, ndipo mayi wochoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa amafuna pomusiya mwana tsiku lonse. Ambiri mwa eni ake si anthu oipa, ndi amayi ngati ife amene akufuna kudyetsa ana awo. Kasukulu kakatsekedwa lero, mawa ana makumi anayi akhala okha m'nyumba zokhoma kapena pamsewu. Choncho cholinga chanu chisakhale kugwetsa munthu. Koma mwini sukulu amene kholo likamuuza za chimbudzi iye n'kuyankha kuti chotsani mwana, ameneyo wasankha yekha kuti nkhani ipite patsogolo.

Khomo loyenera kugogoda

Khonsolo siyang'anira zonse, ndipo apa ndi pamene ine ndinatayira masiku. Za ukhondo, monga chimbudzi, madzi, zinyalala ndi chakudya, ndi za dipatimenti ya zaumoyo ya khonsolo ya mzinda wa Lusaka, ku Civic Centre pa Independence Avenue. Oyendera ake ali ndi mphamvu yolowa pamalo, kupereka masiku oti zinthu zikonzedwe, ngakhale kutseka. Zakuti sukuluyo inalembetsedwa kapena ayi, ndiponso za aphunzitsi, ndi za Unduna wa Zamaphunziro, ku ofesi ya DEBS, mkulu wa zamaphunziro m'boma lanu. Mwana akamenyedwa, kugwiriridwa kapena kusiyidwa osasamalidwa, pamenepo musadikire kalata. Imbani 116, nambala yaulere ya Childline, pitani ku polisi mukafunse a Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo a Social Welfare a m'boma lanu adziwe.

Pa nkhani yanuyi, pezani makolo ena ngakhale asanu, chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo mwini sukulu sangade ana asanu nthawi imodzi. Lembani tsamba limodzi lokha kwa a Town Clerk, mlembi wamkulu wa khonsolo: malo, zimene mwaona, tsiku limene munaziona, tsiku limene munauza mwini sukulu ndi a khansala, ndi pempho loti oyendera zaumoyo abwere. Jambulani chimbudzi ndi chitsime, koma nkhope za ana a eni ayi, ndipo musathamangire kuziponya pa Facebook. Tengani makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsiku limenelo mubwerere nayo. Konzaninso makope ena atatu, ina kasiyeni kwa a DEBS, ina kwa wapampando wa WDC, ina kwa a khansala omwe aja. Pakatha milungu iwiri bwererani ndi kope yodindidwayo. Mukaona kuti mukungozunguliridwa, ofesi ya Public Protector inakhazikitsidwa kuti izimva madandaulo a anthu amene maofesi a boma sakuwathandiza.

Pakadali pano, kuyambira mawa m'mawa, mwana azipita ndi botolo lake la madzi owiritsa kapena othira klorini, kapu yake, ndi kasopo m'chikwama. Akangoyamba kutsegula m'mimba, mupatseni madzi a ORS, aja a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi, muli m'njira yopita kuchipatala, musadikire kuche ngati mmene ndinatsala pang'ono kuchitira ine. Kalata ija mukailemba nditumizireni pa imelo yomweyi, ndiiwerenge musanapite nayo.