Funsani Azakhali: Alekichala anga akupuma ntchito popanda wowathokoza

Azakhali,

Ndinamaliza digiri ya zauphunzitsi zaka zinayi zapitazo, pano ndikuphunzitsa pa CDSS ina. Digiriyi ndikanaisiya panjira pakanapanda mayi ena amene anali supavaiza wa kafukufuku wanga. Bambo anga atamwalira ndili chaka chachitatu, ndinakhala kumudzi milungu isanu ndipo ndinali nditaganiza zosabwereranso. Mayiwa anafufuza nambala ya amalume anga, anandiimbira, nanditumizira ya thiransipoti. Nditalemba sapu (mayeso obwereza) anakhala nane Loweruka lathunthu mu ofesi mwawo. Tsopano ndamva kuti akupuma ntchito akadali senior lecturer, pomwe ena amene tinkangowaona kawiri pa semesita ndi mapulofesa. Zimenezi zikundiwawa. Kodi palibe mphoto ya alekichala otere? Nanga ife ophunzira akale tingachitepo chiyani?

Mphunzitsi wa Chichewa, Dowa

Mwana wanga,

Funso lako landibwezera pa tebulo limene ndinakhalapo zaka 19 ngati sekilitale wa dipatimenti pa yunivesite ina. Mafayilo a alekichala ofuna kukwezedwa ankadutsa m'manja mwanga, ndipo ndikuuze mmene ankaonekera. Gawo la kafukufuku linkakhala lonenepa: pepala lililonse limene munthu anasindikiza m'majenale a akatswiri, mutu wake, chaka chake, masamba ake, makope atatu atatu, mpaka sitepula kukana kuluma. Gawo la kuphunzitsa linkakwana tsamba limodzi, maina a makosi basi. Za mwana amene anaitanidwa pa foni kuti achoke kumudzi abwerere kusukulu panalibe mzere wolembapo.

Nkhani yake si nkhanza. Makwerero a ntchitoyi amachoka pa assistant lecturer, kupita pa lecturer, senior lecturer, associate professor mpaka professor, ndipo munthu akamayandikira pamwamba, zolemba zake zimatumizidwa kwa mapulofesa a mayunivesite ena kuti aziyese. Woyesayo mwina ali ku Nairobi kapena ku Pretoria. Pepala angaliwerenge, koma m'kalasi mwa mayi akowo sanalowemo, ndipo sadzalowamo. Kafukufuku amabweretsanso ndalama za mabungwe othandiza ndipo amakweza dzina la yunivesite ikamayerekezedwa ndi zinzake. Tsono usafulumire kuweruza mapulofesa onse amene unkawaona kawiri pa semesita. Ena anali kumunda kapena ku labu kugwira ntchito yeniyeni imene inagula makompyuta amene iwe unkalembera. Ena, ndivomereze, anali ku maganyu awo m'tauni, ndipo ndine ndinkanamizira ophunzira kuti ali ku msonkhano.

Wophunzitsa ndi mtima wonse amalipira mtengo wake ndi nthawi. University of Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri, ophunzira onse sankafika 100. Lero mayunivesite a boma alipo asanu ndi imodzi, kuwerengera MUBAS ndi KUHeS amene anachoka ku University of Malawi n'kuima paokha mu 2021, ndipo kalasi imodzi ya chaka choyamba ikhoza kuposa yunivesite yonse ya nthawi imeneyo. Ndinkadziwa bambo ena amene ankanyamula mapepala a mayeso m'katoni ya sopo kupita nawo kunyumba. Pepala lililonse linkabwerako lofiira ndi ndemanga, nthawi zina ndemanga yotalika kuposa yankho la mwana. Pa benchi ya kunja kwa ofesi yawo sipankasowa munthu. Ine ndinkawauza kuti, "Adokotala, tsekani chitseko mulembe zanu," iwo n'kungoseka. Anzawo amene anayamba nawo limodzi anawadutsa onse.

Mphoto zilipo, ndipo kumene zinakhazikika zili ndi phunziro kwa ife. Ku Canada kuli 3M National Teaching Fellowship imene inayamba mu 1986, ndipo imasankha anthu khumi pa chaka m'dziko lonse. Ku Britain National Teaching Fellowship Scheme inayamba mu 2000, ndipo yunivesite ndiyo imapereka maina a anthu ake. Konseko sapereka mphoto poti munthu amakondedwa. Amafuna umboni wolembedwa: anasintha chiyani pa kaphunzitsidwe, ophunzira ake anapindula bwanji, anzake akuti chiyani. Ngakhale UNESCO, m'chikalata chake cha 1997 chokhudza aphunzitsi a m'sukulu zaukachenjede, imaika kuphunzitsa pamodzi ndi kafukufuku pa zinthu zoyesera ntchito ya munthu. Zoti ntchitoyi iyenera kuwerengedwa anthu anagwirizana kale. Chimasowa ndi choti owerengawo agwire m'manja.

Ine mphoto zongovota ndimazikayikira. Mafomu oyesera alekichala aja mumadzaza kumapeto kwa semesita ndinkawasonkhanitsa ndine. Ambiri ankachongedwa pa mphindi ziwiri, munthu ataima, chikwama chili kale kumsana. Lekichala wa nthabwala ndi wosaumira magiredi ankakolola matamando, pomwe wokubwezera asaimenti katatu kuti ulembenso ankalembedwa kuti ndi wovuta. Zimatenga zaka munthu ali pa ntchito kuti adziwe amene anamuphunzitsadi, ndipo pofika nthawi imeneyo palibe amamupatsanso fomu. Iwe uli pa msinkhu umenewo tsopano, ndiye mawu ako ndi olemera kuposa mafomu onse aja.

Lemba kalata. Osati uthenga wa pa WhatsApp wa maluwa ndi timitima, koma kalata yosainidwa, yopita kwa mkulu wa dipatimenti, kope kwa a Dini (mkulu wa fakote), kope lina kwa mayiwo. Kalata yotere imadindidwa tsiku ndi kulowa m'fayilo. M'zaka zanga zonse zija ndinalandira makalata odandaula osawerengeka, koma othokoza lekichala ndinalandira awiri okha, ndipo imodzi a Dini anaiwerenga mokweza pa msonkhano wa fakote anthu ali zii.

Usalembe kuti "anali ngati mayi anga." Aliyense amalemba choncho ndipo komiti ilibe pogwira. Lemba chaka, kosi, mutu wa kafukufuku wako, kangati anakubwezera chaputala, chimene anakuuza pa Loweruka lija, ndi chimene iwe ukuchita lero kutsogolo kwa ana a Fomu 2 chifukwa unachiona kwa iwo. Uuze anzako a chaka chanu pa gulu lanu lija kuti aliyense alembe ndime yake. Anthu 20 akanena zosiyanasiyana za munthu mmodzi, a Dini ali ndi choyambira ngati yunivesiteyo ili ndi mphoto ya kaphunzitsidwe, ndipo ngati ilibe, muwafunse m'kalata momwemo chifukwa chake.

Chenjezo limodzi. Za ndalama ya thiransipoti uyambe wawafunsa eni ake usanazilembe. Ambiri amene amathandiza ana chotere amachita mwakachetechete, poopa kunenedwa kuti amakondera, kapena kuti mawa pakhomo padzadzaza. Akakana, isiye nkhaniyo ikhale ya awirinu.

Udindo wa emeritus, ulemu umene yunivesite imapereka kwa wopuma ntchito, usaudikire, chifukwa kawirikawiri umapita kwa amene apuma atafika kale pa upulofesa. Chimene mungathe ndi manja anu ndi kukhazikitsa kamphoto m'dzina lawo, mayiwo akalola. Musonkhe chaka ndi chaka, mudzere ku ofesi ya yunivesite kapena ku bungwe la ophunzira akale kuti ndalama ikhale ndi risiti, ndipo izipita kwa wophunzira wa chaka chomaliza amene akusowa yokwerera basi pokatolera za kafukufuku wake. Ukafuna tsiku loyambira, 5 Okotobala ndi tsiku la aphunzitsi pa dziko lonse. Koma kalata ija isadikire Okotobala. Bambo a katoni ya sopo aja tinawatamanda bwino zedi, galimoto zinadzaza mpaka kumsewu, anthu anachokera ku Mzuzu ndi ku Nsanje, koma eni ake anali m'bokosi.

Azakhali,

Ndili chaka chachinayi ndipo supavaiza wanga wandithandiza kwambiri. Mayi anga akuti ndikawasiyire thumba la mpunga wa kilombero ndi nkhuku. Kafukufuku wanga sanachongedwe. Ndipite nazo?

Wophunzira, Karonga

Mphwanga,

Ayi, usapite nazo. Mtima wa mayi ako ndi wabwino, kwathu munthu sathokoza chimanjamanja, koma malinga cholembera chofiira chikadali pa pepala lako, mpungawo udzatchedwa dzina lina. Ukakhoza bwino anzako adzati unagula, ndipo supavaiza wako akhoza kuitanidwa kukayankha mlandu chifukwa cha nkhuku imene sanaipemphe. Uwatchule pa tsamba lothokoza la kafukufuku wako, ndi pamene pali malo ake. Zotsatira zikatuluka, gauni utavala ndi kubweza, uwatenge mayi ako akawagwire chanza okha. Mpunga uuike pouma, susasa. Nkhukuyo pofika nthawi imeneyo idzakhala itaswa anapiye.