Funsani Azakhali: Ndilembe chani pa mbiri ya malemu mayi anga?

Azakhali,
Mayi anga anatisiya miyezi itatu yapitayi ndipo abale agwirizana kuti tikhale ndi mwambo owakumbukira, ndiye ntchito yolemba mbiri yawo aipereka kwa ine ati poti ndimalembako bwino. Mayi analera ife ana awo, kenako zidzukulu, komanso anali volontiya kwa zaka zambirimbiri, kuyendera odwala mmakomo, kuperekeza amayi oyembekezera kuchipatala olo pakati pausiku, osalandira kanthu. Koma ndikagwira cholembera chikutuluka ndi "anali mayi achikondi, okonda anthu" basi, mawu omwe timamva pamaliro aliwonse aja. Chinanso achemwali anga aakulu akuti za uvolontiyazo ndisachulutse, iwowo chomwe amakumbukira nchoti mayi ankapita kukasamala ana a eni ife tikutsala tokha pakhomo. Nditani?
Mzime wosweka mtima

Mwana wanga,
Pepa kwambiri ndi zovutazo. Cholemberacho uyambe wachiika kaye pansi, vuto silolemba ayi, vuto ndiloti ukufuna kutulutsa moyo onse wa mayi ako mmutu mwako wekha pomwe iwe monga mzime unawapeza atayenda kale mtunda wautali. Theka la mbiri yawo lili ndi anthu ena. Tenga foni upite kwa mavolontiya anzawo aja, kwa amayi amene ankawaperekeza kuchipatala, kwa zidzukulu, uwapemphe chilolezo uziwajambula mawu. Koma usakafunse kuti "mayi anali munthu otani", aliyense adzangoti anali abwino nkuyamba kulira. Funsa kuti tsiku loyamba kukumana nawo panachitika chani, akakwiya ankati chani, ndi liti lomwe anakusekesani mpaka misozi. Ukatero uzamva zoti ankagogoda bwanji pachitseko cha odwala, ankanyamula chani mchikwama, mawu amene ankakonda kubwereza mpaka ana kutopa nawo. Zimenezo ndi zomwe zizapangitse anthu pamwambopo kugwedeza mutu nkumati eeh amenewo ndi iwowo.

Chaka chobadwa, sukulu, ukwati, ana ndi zidzukulu zingati, izo ulembe mwachidule mizere iwiri itatu. Nthawi yambiri uipereke ku nkhani ziwiri kapena zitatu zokha zimene wasankha bwino. Maina a odwala amene ankawayendera ndi matenda awo usatchule, chinsinsi chimene mayi ako anasunga zaka zonsezi chisaululike ndi iwe pagulu.

Za achemwali akowo, ine sindikuwaona olakwa. Mwana wamkulu ndi amene amatsala ndi mphika komanso ang'ono ake mayi akatuluka usiku, ndiye ntchito yodzipereka ija sanaigwire mayi okha, anaigwiranso achemwali akowo ali mtsikana ndipo mwina palibe anawathokozapo. Komabe kuchotsa uvolontiya mu mbiriyo kungakhale kunama, nanga anthu amene anathandizidwa aja sazakhala pompo? Chomwe ndingachite ine ndikulemba zonse ziwiri, kuti mayi ankadzuka usiku kukathandiza ena, ndipo ankatha kutero chifukwa pakhomo panali mwana wawo wamkulu amene ankagwira zonse. Uwawerengere achemwaliwo chiganizo chimenechi muli awiri tsikulo lisanafike, akakana usakakamize, koma ndikukaika ngati angakane.

Tsopano pali china chimene sunafunse koma ndichachangu kuposa mbiriyo. Wati papita miyezi itatu. WhatsApp imafufuta akaunti ikakhala masiku pafupifupi 120 osalumikizidwa pa intaneti, ndiye ngati foni ya mayi ili chizimire mu kabati nthawi yatsala pang'ono. Zimene zili mufonimo zimakhalabe bola pulogalamuyo isachotsedwe, choncho foniyo musaipereke kwa mdzukulu kuti aifufute ayambe kugwiritsa ntchito musanakopere zithunzi ndi mauthenga a mawu. Pa foni yakonso tsegula macheza ako ndi mayi, usankhe Export chat pamodzi ndi zithunzi ndi mawu omwe, uzitumize ku imelo kapena pa kompyuta, aliyense mwa abale apange chimodzimodzi. Foni imabedwa, imagwera mmadzi, ndipo zidzukulu zimene pano zili zazing'ono zizafuna kumva mawu a agogo awo zikazakula. Ngati anali pa Facebook mutha kupempha kuti akaunti yawo ikhale yachikumbutso, amafuna umboni wa imfa, akatero pa dzina pamaoneka mawu oti Remembering, zithunzi zimakhalabe, palibe angalowemo, komanso imasiya kukumbutsa anthu za tsiku lawo lobadwa, chinthu chimene chimabaya mtima chikangotulukira pa foni mmawa.

Mavolontiya anzawo musawaiwale pa pulogalamu, mmodzi apatsidwe mphindi zingapo ayankhule yekha. Ndipo ngati mungafune tsiku loti muzikumana nawo chaka ndi chaka, pa 5 December ndi tsiku la anthu ogwira ntchito mongodzipereka padziko lonse, bungwe la United Nations linalikhazikitsa mu 1985, ndiye mutha kumayendera limodzi ena mwa makomo amene mayi ankayendera.

Ukamaliza kulemba uwerenge mokweza kangapo uli wekha, pamene mawu akukutsamwa uikepo chizindikiro kuti uzapume. Upemphenso m'bale mmodzi azaime pambali pako ali ndi pepala lake, ukazalephera kupitiriza azangolandira pomwe wasiyira.
Azakhali