Kwa mayi a ku Mabvuku: bwanji ana akuphunzira ma atomu "olakwika"?

Sabata yathayi ndalandira imelo yochokera kwa mayi ena a ku Mabvuku, mumzinda wa Harare. Akuti mwana wawo wamkazi ali Fomu 3, wabwera kunyumba atakwiya chifukwa aphunzitsi awalembetsa manotsi a Dalton, Thomson, Rutherford ndi Bohr, kenako n'kuwauza kuti zithunzi zonsezi za atomu sizolondola kwenikweni. Ndiye mayiwa akufunsa kuti nanga bwanji kuwavutitsa ana ndi zolakwika, osangowauza zoona zake basi?

Mayi, mwana wanuyo ali ndi mutu, musamuletse kufunsa. Ine pomwe ndimaona vuto ndi pa kaphunzitsidwe kathu, timapatsa ana mayina ndi zojambula kuti aloweze koma chomwe munthu aliyense anaona mu labu mpaka kusintha maganizo timachidumpha, pomwe nkhani yonse yagona pamenepo.

Zinayambira ku Greece zaka zoposa 2,400 zapitazo. Democritus ankati ukamadula chinthu, kudulabe, kudulabe, udzafika pa kachidutswa kosadulikanso, atomos m'chinenero chawo. Analibe choyezera chilichonse, anali maganizo chabe, ndiye Aristotle atanena kuti zonse zinapangidwa ndi dothi, madzi, mpweya ndi moto anthu anatsatira iyeyo kwa zaka pafupifupi 2,000.

Chinasintha zinthu ndi sikelo. Akatswiri atayamba kuyeza kulemera kwa zinthu anapeza kuti madzi oyera, kaya mwatunga ku Lake Chivero kaya ku Mangochi, mukawaphwanya mumapeza gramu imodzi ya hydrogen pa magramu 8 alionse a oxygen, sizisintha ayi. John Dalton, mphunzitsi wa ku Manchester, anaonanso china. Mpweya uja umapha anthu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa June, carbon monoxide, ndi uja timatulutsa popuma, carbon dioxide, onse ndi carbon ndi oxygen, koma pa carbon wofanana wachiwiriyu ali ndi oxygen kuwirikiza kawiri ndendende. Osati kamodzi ndi theka, kawiri. Zoterezi zimatheka pokhapokha zinthu zikamaphatikizana m'timibulu tathunthu towerengeka, ndipo izi anazisindikiza mu 1808. Analakwitsa zina, madzi ankaganiza kuti ndi HO, koma nthawi iliyonse mwana wanu akamabalansa ma equation a mayeso a ZIMSEC akugwiritsa ntchito nzeru ya Dalton yomweyo.

Mu 1897 J.J. Thomson ku Cambridge anadutsitsa magetsi mu chubu cha galasi chopopedwa mpweya, n'kupeza tinthu ta chaji ya negative topepuka kuposa atomu ya hydrogen pafupifupi ka 1,800, ndipo ankasintha chitsulo cha m'chubumo koma tinthuto tinkatuluka tomwetomweto. Ma electron amenewo. "Chosadulika" chija chapezeka kuti chili ndi zam'kati! Iye anaganiza kuti atomu ili ngati phala la positive lomwe mwamwazikana ma electron ngati nsawa.

Apa ndiye pamene ndimapakonda kwambiri. Mu 1909 ku Manchester komweko, Hans Geiger ndi Ernest Marsden, yemwe anali adakali wophunzira wa pa yunivesite wa zaka 20, ankawombera tinthu ta chaji ya positive totchedwa alpha pa golide wopsapsala kuposa pepala motsogozedwa ndi Ernest Rutherford wa ku New Zealand. Ankakhala mu mdima kuwerenga ndi maso tikuwala tating'onoting'ono pa sikirini, kamodzikamodzi, maola ambiri. Atomu ikanakhala phala, tonse tikanangodutsa. Tambiri tinadutsadi, koma kamodzi mwa masauzande angapo kankabwerera m'mbuyo, ndipo Rutherford sananene kuti aaa ndi tochepa tisiyeni, anakhala nazo pafupifupi zaka ziwiri mpaka mu 1911 ananena kuti pafupifupi kulemera konse ndi chaji yonse ya positive zaunjikana pa kachinthu kakang'ono pakati, nucleus. Atomu itakula ngati Rufaro Stadium ku Mbare, nucleus ingakhale ngati njere ya nzama pakati pa bwalo, kapena yochepera pamenepo, kwina konseko kulibe kanthu. Tebulo lomwe mumadyerapo nsima ndi lotero ndithu, ine mpaka pano ndikaganiza zimenezi thupi limachita tsembwe.

Koma chithunzi chimenechi chinali ndi bowo. Malinga ndi malamulo a magetsi omwe ankadziwika, electron yozungulira nucleus imayenera kutaya mphamvu n'kugwera m'kati nthawi yomweyo, kutanthauza kuti inu ndi ine sitikanakhalapo. Niels Bohr wa ku Denmark mu 1913 anati electron imaloledwa kukhala pa milingo ina yake yokha ya mphamvu, monga ku mafulati a Matapi, munthu amakhala pansi, pakati kapena pamwamba, palibe wokhala pakati pa nsanjika ziwiri. Ikatsika mulingo imatulutsa kuwala kwa mtundu umodzi wokhazikika, ndipo masamu ake anagwirizana bwinobwino ndi mizere ya kuwala kwa hydrogen. Pa ma atomu okhala ndi ma electron ambiri masamuwo anakanika, ndiye Erwin Schrödinger mu 1926 anabweretsa masamu ena omwe sakuuza njira ya electron koma malo omwe ungathe kuipeza. James Chadwick anapeza neutron, kachinthu kopanda chaji ka mu nucleus, mu 1932.

Tsono mayi, "zoona zake" zomwe mukufuna kuti ana auzidwe ndi masamu a Schrödinger amenewo, a ku yunivesite, mwana wa Fomu 3 sangayambire pamenepo. Komanso palibe mmodzi mwa anthu anayi aja yemwe anatayidwa yense. Kuwerenga kwa Dalton kulipo, electron ya Thomson ndi yomwe ikuyenda m'mawaya magetsi akabwera, nucleus ya Rutherford ilipo, ndipo 2,8,8 yomwe mwana wanu akujambula posonyeza ma electron pa mulingo uliwonse ndi mwana wa Bohr. Chomwe chinkagwa ndi chithunzi, zomwe anayeza zija zinatsala.

Madzulo ano mufunseni pa dzina lililonse kuti kodi ameneyu anaona chiyani chomwe mnzake wam'mbuyo sakanatha kufotokoza? Ndipo ngati mukuphikira gasi, muitaneni, tengani kamchere pang'ono muwaze pa lawi la buluu lija muli chapatali. Lisanduka lachikasu. Amenewo ndi ma electron a sodium akutsika mulingo, ndiye mundilemberenso zomwe anene akaona.