Za filimu ya Holy Grail ija, achemwali musafulumire

Achemwali, mwafunsa filimu yoseketsa ya kuno ku Britain yoti muonere limodzi ndi apongozi amene abwera kudzacheza, komanso koti mugule pulojekita. Za pulojekitazo akuyankhani ena. Ine ndalowerera chifukwa anthu atatu pamwambapa akuchemerera Monty Python and the Holy Grail, ndipo ndikukayika ngati anaionera mpaka kumapeto.

Ndinaigula pa DVD mu charity shop, paundi imodzi kapena ziwiri, chifukwa anzanga akuntchito ankangobwereza mawu ake nthawi ya tiyi n'kumafa nazo kuseka. Ndi ya 1975, ya Mfumu Arthur ndi asilikali ake pofunafuna chikho chopatulika. Poyambirira ndinaseka ndithu. Ndalama za mahatchi zinawachepera opanga filimuwo, ndiye Graham Chapman, amene akusewera ngati Arthur, akungodumphadumpha wapansi ngati wakwera hatchi, wantchito wake pambuyo akugogodanitsa zikamba za kokonati. Apo pokha anaganiza bwino. Koma kwinako nthabwala imodzi amaikoka mpaka kusukuluka. Ndiye mapeto akewo! Mwakhala ola ndi theka, nkhondo yaikulu ili pafupi kuyamba, apolisi amasiku ano akungotulukira ndi galimoto, kugwira Arthur, wina kutseka kamera ndi dzanja, basi yatha. Bambo a kunyumba anaganiza kuti DVD yakandika, anaitulutsa n'kuipukuta ndi malaya, kuibwezeramo, zomwezo.

Chachikulu ndi apongoziwo. Muli msilikali wina amene akudulidwa manja ndi miyendo, magazi akuchita kuthovoka, iye akukakamirabe ndewu. Muli kalulu woluma anthu pakhosi. Mulungu akuoneka ngati katuni m'mitambo akukalipa. Ndiye pali nyumba ina yodzaza atsikana amene zoyankhula zawo sindingalembe m'gulu lino. Ngati apongozi anu ndi a Mvano kapena mkulu wa mpingo, mudzasowa koloza maso, rimoti ili kutali. Chingerezi chakenso ndi chothamanga, chimafuna masabutaitulo, ndipo zambiri n'zonyoza mbiri ya England imene ife sitinakule nayo.

Aikireni Mr Bean basi, safuna womasulira. Wina akakuuzani Blackadder poti ndi Rowan Atkinson yemweyo, yambani mwaionera nokha, nayonso pakamwa ndi posasamba.

Koma mukadzapita nawo ku Scotland, Doune Castle pafupi ndi Stirling, komwe anajambulira mbali zambiri za filimuyi, ndi pokongola kuposa filimu yake. Polowa ndi mapaundi teni kapena kuposerapo pang'ono, ndipo masitepe ake ndi opapatiza kwa munthu wodandaula mawondo.