Kodi nane ndingakamvere pulofesa akamakamba za kafukufuku wake?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa sitandade 6 kufupi ndi Jali, m'boma la Zomba. Iwo anaona chidziwitso pa WhatsApp chonena kuti pulofesa wina adzafotokoza pagulu za kafukufuku wake wokhudza madzi ndi nsomba, ndipo aliyense ndi wolandiridwa. Funso lawo ndi ili: "Ine ku yunivesite sindinapondeko, komanso sayansi inkandivuta. Akamati aliyense, akunena ndi ine ndemwe kapena akuitanana okhaokha ophunzira kwambiri? Nanga ndikatolako chiyani?"

Aphunzitsi, pitani. Akunena inu ndithu. Pakhomo safunsa satifiketi, mkatimo mulibe mayeso, ndipo nthawi zambiri salipiritsa. Wokamba amalankhula pafupifupi ola limodzi, kenako amapereka mpata wa mafunso.

Mwambo umenewu ndi wakalekale. Ku London kuli Gresham College, imene inatsegulidwa mu 1597 ndi chuma chimene anasiya wamalonda wina, Thomas Gresham. Iye anafuna kuti pakhale mapulofesa asanu ndi awiri, a zakuthambo, masamu, zamalamulo, zamankhwala, nyimbo, zachipembedzo ndi luso la kulankhula, ndipo aziphunzitsa anthu a mumzindamo kwaulere. Mpaka lero akutero. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti ambiri mwa iwo ankakamba kawiri, m'Chilatini ndi m'Chingerezi, kuti wamalonda ndi woyendetsa zombo, amene Chilatini sankachimva, asabwerere chimanjamanja. Ndipo pa 28 Novembala 1660, Christopher Wren atamaliza phunziro lake la zakuthambo pamalopo, anthu khumi ndi awiri anatsalira n'kugwirizana zoyambitsa bungwe limene linadzakhala Royal Society, bungwe lotchuka la akatswiri a sayansi. Pakati pawo panali odziwa masamu, zamankhwala ndi zachipembedzo. Wren mwiniyo anadzatchuka ndi ntchito ina, yomanga tchalitchi cha St Paul's.

Koma tibwere kwanu, chifukwa chitsanzo chabwino muli nacho pakhomo. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, ndiye mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995. Pamene inkauma mu 1968, Yunivesite ya Malawi inali yakhanda, itangoyamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo aphunzitsi ake a magawo osiyanasiyana anaifufuza nyanjayo limodzi kwa zaka pafupifupi khumi.

Anachita kukhalira pamodzi chifukwa nkhani ya Chilwa sikwana m'mutu wa munthu mmodzi. Wa zamoyo adzakuuzani kumene matemba, makumba ndi milamba zimathawira madzi akachepa, m'maiwe a m'mitsinje, ndi chifukwa chake kupha nsomba m'maiwemo kumachedwetsa nyanja kubwerera mwakale. Wa zanthaka adzaloza mitengo imene yadulidwa kumapiri ndi matope amene akutsikira kunyanja. Wa zaumoyo adzakamba za kolera pakati pa asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama panyanjapo. Wa mbiri yakale adzapita kwa agogo a pa chilumba cha Chisi kukafunsa mmene makolo ankapulumukira nyanja ikaphwa. Aliyense wa iwo akapita kukamvera mnzake amakhala mlendo ngati inu, nayenso mawu ena amamudutsa. Paja mutu umodzi susenza denga.

Sindikubisirani, pali zimene zimandiwawa. Zambiri mwa zokamba zimenezi zimachitika m'Chingerezi chokhachokha, masana a pakati pa sabata, m'holo ya pasukulu imene msodzi kapena mayi wogulitsa matemba amaopa ngakhale kuyandikira pageti. Chikhalirecho amene anayankha mafunso a ofufuzawo ndi anthu omwewa, ndipo misonkho yawo ndi imene imayendetsa mayunivesite aboma. Ngati ku London anaona kufunika kobwereza phunziro m'chinenero cha anthu zaka 400 zapitazo, pulofesa wathu angathe kubwereza lake m'Chichewa kapena m'Chiyao pabwalo la sukulu ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanjayo, kapena pa wayilesi ya m'dera. Ena amachita kale, ndipo ndimawalemekeza kwambiri.

Tsikulo mukafike msanga, mukakhale kutsogolo, mutenge kope. Mawu amene akudutsani muwalembe, mudzafunse pamapeto kapena panja anthu akamabalalika. Ofufuza ambiri amakondwa munthu akawaimitsa kuti afotokoze bwino. Ngati n'kotheka mutengane ndi mphunzitsi mnzanu, kuti pobwerera muzikumbutsana.

Musaope kuimika mkono, ngakhale mutafunsa m'Chichewa. Inu mumadziwa mwezi umene anyamata amayamba kujomba chifukwa apita kunyanja, mumadziwanso mmene ana amaonekera m'kalasi chaka chimene matemba asowa pamsika wa Jali. Muwafunse apulofesawo ngati zimenezi zikuoneka m'kafukufuku wawo. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna ndimve zimene akakuyankheni.