Yankho langa pa nkhani ya ng'ala ya agogo

Zikomo amalume, ndamva funso lanu lakuti kodi ng'ala ya agogo, imene adokotala akuti yakhwima mpaka kutupa, ingachotsedwebe popanda kuwononga diso. Ingachotsedwe ndithu, koma chonde tisazengereze.

Ng'ala imagwira lenzi, kagalasi kachilengedwe ka m'kati mwa diso, komwe kamakutidwa ndi kathumba kopyapyala kwambiri. Ikakhalitsa imatha kumwa madzi n'kufufuma, moti kathumbako kamakungika, ndipo dokotala akakaboola mosasamala kamang'ambika kokha mpaka m'mphepete. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa kathumbako kayenera kutsala kabwinobwino kuti lenzi yapulasitiki, yolowa m'malo mwa yachilengedweyo, ikhazikikemo.

N'chifukwa chake madokotala amayamba ndi kuthira utoto wabuluu wotchedwa trypan blue kuti kathumbako kaoneke, popeza pa ng'ala yoyera mbee sikaoneka. Kenako amadzaza kutsogolo kwa diso ndi mankhwala onanda opanikiza kathumbako, n'kukabaya ndi kasingano, n'kuyamwa madzi oyera ngati mkaka amene ali m'katimo kufikira lenzi itaphwa. Ikaphwa m'pamene amakuza kabowoko pang'onopang'ono mozungulira. Kuno kwathu nthawi zambiri amacheka pang'ono kumtunda kwa diso n'kutulutsa ng'alayo yathunthu, ndipo kabalako kamatsekeka kokha osasoka. Ine njira imeneyi ndimaikhulupirira pa ng'ala yokhwima chotere. Agogo sadzagonetsedwa, adzangopatsidwa mankhwala ochititsa dzanzi diso lokhalo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kudikira. Lenzi yotupa imatha kutseka njira yotulukira madzi a m'diso, madziwo n'kuchuluka mpaka kupha mtsempha woonera, ndipo mtsemphawo ukafa palibe opaleshoni yomwe ingaubweze. Diso likafiira, likayamba kuwawa pamodzi ndi mutu, kapena agogo akamasanza, tsiku lomwelo apite ku Lions Sight First Eye Hospital pa Kamuzu Central, kumene adzayambe atsitsa mphamvu ya madziwo ndi mankhwala asanachite opaleshoni. Ndikupemphanso kuti asadonthezedwe mankhwala azitsamba m'diso ngakhale wina atawalimbikitsa chotani.

Popita mutenge buku lawo lakuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, chifukwa adzayezedwa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Tigwirizanenso za amene adzakhale nawo pakhomo milungu yoyambirira, wowadontheza mankhwala m'diso pa nthawi yake ndi kuwaletsa kulitikita kapena kukhala pa utsi wa kukhitchini.