Funsani za kujambula: Bwanji nkhope zikumada pa zithunzi zanga?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndangoyamba kumene zojambula zithunzi, ndimagwiritsa foni basi, nde vuto langa nlakuti ndikajambula munthu panja masana nkhope imatuluka yakuda bii, maso osaoneka nkomwe, koma kumwamba kuli mbee. Anzanga akuti foni yangayi ndi yotchipa ndigule kamera yeniyeni. Kodi nzoona? Ndalama ndilibe koma mtima wanga wonse uli pa kujambula. Ndine Woyamba Kumene.

YANKHO: Kamera musagule kaye chonde. Zomwe mwafotokozazi zimachitikanso kwa anthu a makamera odula aja, chifukwa vuto lake ndi kumene kuwala kukuchokera, ndipo zimenezi mutha kuphunzira ndi foni yomwe muli nayoyo.

Diso la munthu ndi lochenjera, limatha kuona pa mdima ndi powala nthawi imodzi, koma kamera siyifika pamenepo. Iyo imayeza kuwala konse komwe ikuona nkusankha zapakatikati, nde kumbuyo kwa munthu kukakhala thambo lowala kapena khoma loyera imaganiza kuti kwawalitsa, imachepetsa kuwala, nkhope ija nkuda. Kwa munthu wa khungu lakuda zimanyanya. Kenako dzuwa likakhala paliwombo kuwala kumatsika kuchokera pamutu, chipumi ndi mphuno zimanyezimira pomwe m'maso mwalowa mthunzi ngati maenje awiri, munthunso wakwinya nkhope chifukwa dzuwa likumuthobwa.

Nde pangani izi. Musanatulutse foni m'thumba, kwezani chibakera chanu patsogolo panu muzizungulira pang'onopang'ono pomwe mwaimapo. Yang'anitsitsani zala. Pena mudzaona mthunzi wakuthwa pakati pa zala, pena khungu likuoneka losalala, mizere yake yonse ikuoneka bwinobwino, ndipo pomwe dzanja lanu lakongola mpomwe nkhope ya munthu ikongolenso. Ine mpaka lero ndimapangabe zimenezi ndikafika pamalo achilendo.

Masana muimikeni munthuyo m'mphepete mwa mthunzi wa nyumba, nkhope italoza kunja kowala. Pansi pa mtengo samalani, masamba amadontheza dzuwa madonthomadontho pankhope. Mukatero dinani nkhope yake pa sikirini, mafoni ambiri amatulutsa kachizindikiro ka dzuwa kapena kamzere koti mukweze kapena kutsitsa kuwala. Muone m'maso mwake ngati muli kakadontho kowala, kameneko ndi kamene kamapatsa nkhope moyo, kakasowa mutembenuzeni pang'ono.

Chomwe ndimafuna woyamba aliyense amvetse ndi ichi: kuwala kukachokera pa chinthu chachikulu mthunzi umafewa, kukachokera pa kanthu kakang'ono mthunzi umathwa. Dzuwa ndi lalikulu inde koma lili kutali makilomita pafupifupi 150 miliyoni, nde kwa ife limakhala ngati kababu kamodzi kumwamba. Mitambo ikaliphimba thambo lonse limasanduka nyale imodzi yaikulu, nchifukwa chake tsiku la mitambo, lomwe ambiri amati silabwino kujambula, ndi lomwe nkhope zimatuluka zosalala kwambiri. Windo nayonso ndi choncho. Khazikani munthu pafupi ndi windo yomwe dzuwa silikulowa mwachindunji, kuwala kuzimugwera chammbali, mbali inayo ikada gwirani pepala loyera kapena nsalu yoyera kuti ibweze kuwala pa tsaya. Siyani windo kumbuyo kwanu kapena pambali, ikakhala kumbuyo kwa iye mwabwerera ku vuto lija.

Komanso ola limodzi dzuwa litangotuluka ndi ola limodzi lisanalowe, kuwala kumabwera chopendeka, kofiirira ngati golide, mithunzi italiitali. Nthawi imeneyo ndiyokoma zedi koma imathamanga, mukachedwa ndi macheza mupeza yapita.

Sabata ino tengani kapu imodzi yoyera, muiike malo amodzi panja, muijambule 7 koloko mmawa, 12 koloko ndi 5 koloko madzulo mutaima pomwepomwepo. Ikani zithunzi zitatuzo pamodzi, muone mbali yomwe mthunzi wagwera, kutalika kwake, ndi mtundu wa kapuyo momwe wasinthira. Mthunziwo musamauope, ukasowa kapu imaoneka yaphwatalala ngati pepala, paja mawu oti chithunzi ndi mthunzi ndi apachibale.

FUNSO: Usiku m'nyumba zithunzi zanga zimatuluka zachikasu, ndikayatsa fulashi nkhope imachita kuyera ngati yapakidwa mafuta. Nditani?

YANKHO: Kuwala kuli ndi mtundu wake, amauyeza mu Kelvin. Babu yachikasu ija imakhala cha pa 2700, dzuwa la masana cha pa 5500, nde chikasucho nchochokera ku babu, fufuzani pomwe alemba WB (white balance, posinthira mtundu wa kuwala) mu kamera ya foni yanu musinthe mpaka choyera chioneke choyera. Fulashi ya foni ndi yaing'ono ndipo ili pafupi ndi lenzi, imamenya nkhope kutsogolo nkuphwatalalitsa zonse. Izimitseni, musendezeni munthuyo kufupi ndi nyale. Mtunda wa pakati pa iye ndi nyale mukaudula ndi theka kuwala kumachuluka kanayi, nde sitepe imodzi yokha imasintha zambiri. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira pa thebulo.